Munda wa sola wa 132 kWp kumudzi: kuchokera pa mapulani mpaka kuyatsa

Ntchito yake ndi yomanga malo opangira magetsi a dzuwa m'dera la kumudzi komwe mawaya a dziko lonse sanafike. Oyembekezera kulumikizidwa ndi nyumba 420, chipatala chaching'ono, sukulu, zigayo ziwiri, mashopu ndi owotcherera a pamsika, komanso pampu ya madzi akumwa. Ndalama tazilemba m'maperesenti a bajeti yonse, poti mitengo ya zipangizo imasiyana dziko ndi dziko ndipo sichedwa kusintha.

20 Januwale 2025: magetsi ofunika ndi ochuluka bwanji

Kafukufuku woyamba anali wa khomo ndi khomo, wofunsa kuti magetsi akabwera mudzalumikiza chiyani. Mayankho atawonkhetsedwa anafika 900 kWh patsiku (kWh imodzi ndi yunitsi imodzi ya magetsi). Pafupifupi banja lililonse linatchula firiji, TV, simbi ndi mbaula yamagetsi. Munthu ukamufunsa chomwechi amatchula zomwe akulakalaka, ndipo salakwa, koma kumanga potengera 900 kWh kukanagulitsa mapanelo ndi mabatire oposa kawiri ofunikawo, kenako anthu omwewo n'kumalipira mtengo wa zipangizo zongokhala.

Kafukufuku anabwerezedwa mwa njira ina. Tinawerenga zipangizo zomwe zilipo kale m'nyumba, ndalama zomwe banja limawononga pa makandulo, mabatire a tochi ndi kutchajitsa foni, komanso dizilo yemwe amathera pa zigayo. Chigayo chilichonse chimamwa malita 13 patsiku, ndipo injini yaing'ono ya dizilo imatulutsa pafupifupi 3 kWh pa lita, kotero chigayo chimodzi ndi 40 kWh. Zotsatira zake patsiku: nyumba 147 kWh, kutanthauza 0.35 kWh pa khomo, zigayo 80, mashopu ndi owotcherera 60, pampu 24, chipatala 18, sukulu 12. Zonse pamodzi 341 kWh. Titawonjezera 30 peresenti ya kukula kwa zaka zoyambirira tinafika pa 440 kWh.

Chiwerengero chofunika koposa ndi cha maola. Mwa 440 kWh amenewa, pafupifupi 200 amafunika dzuwa litalowa. Magetsi a masana amachoka pa panelo n'kulowa m'waya basi. A usiku amayenera kudutsa m'mabatire, amatayikako peresenti 10 mpaka 15 panjira, ndipo ndi amene amalipira mtengo wa mabatirewo. Chilichonse chomwe chingasunthidwe kuti chiziyenda masana chimatsitsa mtengo kwa mudzi wonse, ndipo zisankho zambiri za m'munsimu zachokera pamenepa.

17 Febuluwale: malo oyamba akanidwa

Malo oyamba anaperekedwa ulere, koma anali makilomita 1.4 kuchokera pamsika pomwe pali zigayo. Chigayo chilichonse chikachoka pa dizilo chidzayendera mota ya 11 kW, yomwe imakoka pafupifupi 21 A pa 400 V. Zigayo ziwiri zikamagaya limodzi ndi 42 A, ndipo pa waya wa aluminiyamu wa 50 mm² mtunda umenewu volteji imatsika ndi 15 peresenti, nyumba za m'njira zisanawerengedwe. Ngakhale waya wa 95 mm² umatsitsabe 8 peresenti. Mota ikamalandira volteji yotsika imakoka mphamvu yochuluka, imatentha, mapeto ake imapsa. Kukweza volteji ndi mathiransifoma awiri kukanadya ndalama zoposa lendi ya zaka zambiri pa malo apafupi.

Malo achiwiri ndi theka la hekitala, mamita 400 kuchokera pamsika. Pa mtunda umenewu waya wa 50 mm² umatsitsa volteji ndi 4 peresenti yokha, komabe pa mzere waukulu taika wa 70 mm² kuti makina ena akadzabwera tisadzatsitse mawaya.

Vuto linabuka pa zikhomo za malire, zomwe zinazulidwa patangopita masiku ochepa. Kumsonkhano woyamba kunabwera eni malo odziwika ndi mayina, koma amene amalima pamalopo chaka ndi chaka, ambiri mwa iwo amayi, ndi mmodzi wobwereka, sanaitanidwe. Zokambirana zinayambiranso ndi onse. Mgwirizano womwe unasainidwa ndi wa zaka 25, lendi yolipidwa chaka chilichonse, chipukuta misozi cha mitengo yazipatso, ndipo ntchito iyambe anthu atakolola. Malire anajambulidwa ndi GPS, banja lililonse lili ndi pepala lake. Zinachedwetsa ntchito milungu 6. Lendi ya pachaka ndi yoyenera kuposa kupereka ndalama kamodzi, chifukwa munda umadyetsa banja chaka ndi chaka, pomwe ndalama ya kamodzi imatha malo akadali otchingidwa ndi mpanda.

Kumbali yomwe dzuwa limadutsa kuli mitengo italiitali. M'malo moidula, mizere ya mapanelo yasunthidwa ndi mamita 12. Mthunzi ukagwera panelo imodzi umakokera pansi mapanelo onse olumikizana nayo.

24 Malichi: kukula kwa munda ndi mapulani a mawaya

Kuchuluka kwa dzuwa tinakutenga pa Global Solar Atlas, mapu aulere a World Bank. Pamalopa chaka chonse ndi 5.3 kWh pa sikweya mita patsiku, koma mwezi wa mitambo yambiri ndi 4.4, ndipo munda umamangidwa potengera mwezi woipawo. Zotayika zonse, za kutentha, fumbi, mawaya, mabatire ndi mainveta (makina osandutsa magetsi a DC ochokera ku mapanelo kukhala AC yogwiritsa ntchito m'nyumba), taziika pa 25 peresenti. Ndiye 440 kugawa ndi 4.4, kugawanso ndi 0.75, kumapereka 133 kWp, kutanthauza mphamvu yolembedwa ya mapanelo onse pamodzi. Mapanelo 240 a 550 W ndi 132 kWp.

550 W yolembedwa kuseri kwa panelo imayezedwa pa kuwala kwa 1,000 W pa sikweya mita, panelo ili pa madigiri 25. Masana otentha panelo imafika madigiri 60, ndipo digiri iliyonse yoposa 25 imachotsa pafupifupi 0.35 peresenti. Pamenepo 12 peresenti yapita kale, panelo ikutulutsa 484 W.

Mapanelo amalumikizidwa motsatizana m'magulu omwe amisiri amati string. Mapulani a kontirakitala anaika mapanelo 22 pa string. Panelo iliyonse ikakhala padzuwa koma palibe chokoka magetsi imapereka 49.8 V, ndiye 22 ndi 1,096 V, pansi pang'ono pa 1,100 V yomwe inveta imalola. Papepala zimaoneka zabwino. Koma volteji ya panelo imakwera kukazizira, ndi 0.27 peresenti pa digiri. M'mamawa wa madigiri 5 panelo imafika 52.5 V, ndipo 22 zimapereka 1,155 V. Inveta ikapsa chifukwa cha zimenezi wopanga sabweza. Ngakhale 21 zimadutsa malire. Mapulani anakonzedwa: mapanelo 20 pa string, 1,050 V, ma string 12, ogawidwa pa mainveta awiri a 60 kW.

Mizere ndi 6, uliwonse wa mapanelo 40, awiri kukwera ndi 20 m'litali. Apendekeka madigiri 15 kuyang'ana ku equator. Pansi pa madigiri 10 madzi a mvula satsuka galasi, matope amangosonkhana m'mphepete mwa felemu. Pakati pa mizere pali mamita 3 kuti mzere usaphimbe unzake m'mawa ndi madzulo, komanso kuti wilibala idutse.

22 Epulo: mabatire ndi bajeti

Mabatire a mtovu anali otchipa pogula, koma safuna kutsitsidwa kupitirira theka, kotero 200 kWh a usiku akanafuna 400 kWh a mabatire. Kuwonjezera apo moyo wawo umadulidwa pakati pa madigiri 8 mpaka 10 alionse oposa 25. Tasankha a lithiamu a mtundu wa LiFePO4, 250 kWh, ogwiritsidwa ntchito mpaka 80 peresenti, ndi inveta yawo ya 100 kW. Masiku a mitambo yotsatizana adzathandizidwa ndi jenereta ya 60 kVA. Kugula mabatire okwanira masiku atatu opanda dzuwa kukanameza bajeti chifukwa cha masiku owerengeka pachaka.

Bajeti yagawika chonchi: mabatire 24 peresenti, mapolo ndi mawaya opita m'mudzi 22, mapanelo ndi zitsulo zake 20, mainveta 10, mamita olipiriratu ndi mabolodi a m'nyumba 8, mpanda, maziko ndi chipinda cha makina 8, mayendedwe ndi ziphaso 5, jenereta 3. Mapanelo okha ndi 11 peresenti. Bungwe la padziko lonse loona za mphamvu zongowonjezeka la IRENA linawerengera kuti mtengo wa magetsi ochokera m'minda ikuluikulu ya sola unatsika ndi pafupifupi 90 peresenti pakati pa 2010 ndi 2023, ndipo anthu ambiri akamva zimenezi amayembekezera kuti magetsi a kumudzi akhalanso otchipa chomwecho. Minda ikuluikuluyo imangothira magetsi m'mawaya omwe alipo kale, masana okha. Ya kumudzi imagula yokha mabatire, mapolo ndi mamita, ndipo zitatuzi ndi zoposa theka la ndalama zonse. Zimenezi zinafotokozedwa pamsonkhano wa mudzi mapolo asanabwere, kuti pasakhale womva mtengo koyamba tsiku loyatsa.

Mapolo, mawaya ndi zotetezera zonse zikutsata muyezo wa kampani ya magetsi ya dziko. Mawaya a dziko lonse akadzafika, mizere ya m'mudzi idzangolumikizidwa osamangidwanso.

26 Meyi: dothi ndi maziko

Mapulani anali okhomera zitsulo m'nthaka mamita 1.5 popanda konkire, njira yachangu ndi yotchipa. Maenje 5 oyesera anasonyeza zina. Kumtunda kuli thanthwe pa masentimita 70. Kumunsi kuli makande, dothi lomwe limafufuma mvula ikagwa n'kung'aluka chilimwe, ndipo limatha kukankha chitsulo m'mwamba pang'onopang'ono mpaka mzere kupindika.

Chomwe chimagwetsa mapanelo kawirikawiri si kulemera kwake, poti imodzi ndi makilogalamu 28 okha. Ndi mphepo yolowa pansi n'kunyamula, ndipo mapanelo 240 ndi masikweya mita 620 oti mphepo ikankhe. N'chifukwa chake zitsulo zoyesera zinakokedwa m'mwamba ndi jeke yokhala ndi sikelo. Pakati pa munda zinagwira. Kumtunda ndi kumunsi zinazuka zisanafike pa mphamvu yomwe injiniya anafuna. Mizere iwiri ya kumtunda inaikidwa pa maziko a konkire okhala pathanthwe. Wa kumunsi unakumbidwa kupyola makande mpaka mamita 1.8, pansi pake n'kuthira miyala. Zinawonjezera 1.5 peresenti pa bajeti, kuchokera mu ndalama zapadera.

Zitsulo ndi zomizidwa mu zinki wotentha. Paliponse pomwe padulidwa kapena kuboola pamalopo papakidwa penti wa zinki tsiku lomwelo, chifukwa dzimbiri limayambira pamenepo. Ngalande ya madzi inakumbidwa kumtunda kwa munda. Madzi otsetsereka pa mapanelo amagwera mzere umodzi n'kukumba kamgula tsinde la zitsulo, ndiye pansi pa m'mphepete monse pathiridwa miyala ing'onoing'ono.

23 Juni: mapanelo afika

Anaitanitsidwa 250 kuti 10 akhale osungira. Asanu ndi awiri anafika magalasi ataphwanyika. Paulendo womaliza, wa msewu wafumbi, bokosi limodzi linamasulidwa n'kusanjika mapanelo chogona m'lole yaing'ono. Mapanelo amayenda choimirira m'bokosi lake, omangidwa ndi malamba. Akagona, a pansi amasenza anzawo pa bampu iliyonse. Kuphwanyika kwa galasi kumaoneka, koma ming'alu ya mkati mwa maselo, timagawo ta panelo topanga magetsi, sioneka ndi maso, ndipo imadzatulukira patapita chaka ngati malo otentha. Mapanelo onse a m'bokosi limenelo anayezedwa volteji ndi mphamvu padzuwa, ndipo aikidwa pa string imodzi kuti akadzafooka asakokere ena. Inshulansi ya paulendo inabweza osweka chifukwa zithunzi zinajambulidwa katundu asanatsitsidwe.

Manambala a mapanelo anafanizidwa ndi mndandanda wa kufakitale, ndipo ziphaso za IEC 61215 ndi IEC 61730, miyezo ya padziko lonse ya kulimba ndi chitetezo cha mapanelo, zinatsimikizidwa kuti ndi za mtundu womwewu. Onyamula anauzidwa zitatu: anthu awiri pa panelo, osagwira waya kapena kabokosi kakuseri, osaponda kapena kutsamira galasi. Mabawuti ogwirira felemu anamangidwa ndi sipanala yoyeza mphamvu, pa muyezo wa wopanga. Ukamangitsa felemu imapindika, ukalekerera mphepo imagwedeza mpaka kumasuka.

21 Julayi: mawaya a DC ndi earth

Waya wa ma string ndi wa 6 mm², wa mtundu wa H1Z2Z2-K wopirira dzuwa. Waya wamba wa m'nyumba umauma n'kusweka chikopa m'zaka zochepa. Wonse womwe ukudutsa pansi uli m'mapaipi otsekedwa kukamwa ndi thovu lolimba, kuopa makoswe ndi chiswe.

Ma string atatu anapezeka ndi zolumikizira za MC4, mapulagi a mawaya a mapanelo, za makampani awiri osiyana zitalowetsedwa pamodzi. Zimalowana bwinobwino ndipo zimalira ngati zagwira, koma mkati zitsulo sizikhudzana mokwanira. Zina zinali zofinyidwa ndi pulayala wamba m'malo mwa chofinyira chake. Polumikiza potere pamatentha, pulasitiki imasungunuka, ndipo moto wa DC pa 800 V suzima wokha monga umachitira wa AC. Minda yambiri ya sola yapsa chifukwa cha kachinthu kameneka. Zolumikizira 46 zinadulidwa n'kuikidwa zatsopano za kampani imodzi, ndipo chilichonse chinakokedwa ndi dzanja mwamphamvu chisanatsekedwe.

Earth, njira yotayira magetsi oopsa m'nthaka, inavuta. Chitsulo chimodzi cha mamita 2.4 m'dothi louma chinapereka 46 ohm, pomwe tikufuna pansi pa 10. Ena anati tithire mchere ndi makala. Mchere umatsitsadi chiwerengero tsiku loyeza, koma umadya chitsulo ndipo mvula imaukokolola. M'malo mwake waya wa kopa wosakutira wa 50 mm² unakwiriridwa masentimita 60 kuzungulira munda wonse, ndi zitsulo 8 zotalikirana mamita 5, maenje ake odzazidwa ndi dongo la bentonite lomwe limasunga chinyezi. Zinatsika kufika 7 ohm. Pomwe kopa akukumana ndi chitsulo cha zinki paikidwa zolumikizira zapadera, apo ayi zinki amadyeka. Zotetezera ku mphenzi zili mbali ya DC, mbali ya AC, komanso poyambira mzere uliwonse wopita m'mudzi, chifukwa mphenzi kawirikawiri imalowera m'mawaya ataliatali a pamapolo.

25 Ogasiti: mapolo ndi m'nyumba

Mizere yonse ndi makilomita 6.5, mapolo 150 a mitengo yothiridwa mankhwala, a mamita 9, otalikirana mamita 40 mpaka 45. Waya ndi wokutira wopotana, womwe suchita shoti nthambi ikaugwera ndipo ndi wovuta kubapo magetsi. Mapolo 18 anabwezedwa. Atabooledwa ndi chida choyezera, mankhwala anapezeka kuti angolowa pamwamba, ndipo mapolo otere chiswe sichichedwa nawo.

Mizere yochoka pamunda ndi inayi: wa chipatala ndi pampu, wa msika, ndi iwiri ya nyumba. Kupatula chipatala kunawonjezera mamita 600 a waya, koma kumalola kuti mabatire akatsika kufika 30 peresenti usiku jenereta itakanika, mizere ya nyumba izime yokha, chipatala chitsale ndi magetsi a firiji ya katemera, makina a mpweya ndi nyale za chipinda chochilira mpaka m'mawa. Lonjezo lakuti chipatala chidzapindula limakhala la pakamwa chabe ngati chili pa waya umodzi ndi simbi za mudzi wonse.

Nyumba zambiri zilibe mawaya mkati, ndipo kuwayala kumadula kuposa ndalama yolumikizira. Khomo lililonse likulandira bolodi yokonzeratu yokhala ndi breka, chotetezera munthu cha 30 mA, soketi ziwiri ndi babu la LED, ndipo mtengo wake ukubwezedwa pang'onopang'ono pogula mayunitsi. Nyumba zagawidwa mofanana pa mafezi atatu, mawaya atatu onyamula magetsi pa mzere uliwonse. Poyamba amisiri ankangolumikiza pa waya wapafupi, mpaka fezi imodzi inasenza nyumba zoposa theka, ndipo nyumba 60 zinasunthidwa.

Antchito a m'deralo anafika 38 pa nthawi yokumba ndi kuimika mapolo. Ntchito zokhalitsa ndi 4 zokha: amisiri awiri omwe aphunzitsidwa kuyambira pa maziko, wogulitsa mayunitsi ndi mlonda. Nambala imeneyi inanenedwa poyera kuyambira pachiyambi. Munda wa sola sulemba anthu ambiri, ntchito zenizeni zimabwera ndi makina omwe magetsiwo ayendetse.

15 Seputembala: kuyatsa koyamba ndi zigayo

Mayeso anatsata IEC 62446, muyezo wa kayesedwe ka makina a sola: string iliyonse inayezedwa mbali ya positivi ndi negativi, volteji, mphamvu ndi kulimba kwa chikopa cha waya isanalumikizidwe ku inveta. Munda utayenda maola awiri padzuwa la masana, kamera yoona kutentha inapeza malo amodzi m'bokosi la mafyuzi ali pa madigiri 78. Linali bawuti losamangitsa.

Tsiku lachitatu mudzi wonse unazima 7 koloko m'mawa. Chigayo choyamba chinayatsidwa mwachindunji, ndipo mota ikamadzuka chomwecho imakoka kasanu ndi kawiri mphamvu yake ya nthawi zonse, pafupifupi 147 A. Inveta ya 100 kW imapereka 144 A, inali itasenza kale nyumba ndi mashopu, ndipo dzuwa linali lisanakwere kuti mapanelo athandize. Inadziteteza pozima. Tinayesa choyatsira mota cha mtundu wa star-delta. Sitata imeneyi imatsitsa kukokaku kufika pa gawo limodzi mwa magawo atatu, koma nyundo za chigayo n'zolemera, mota imakhala isanafike pa liwiro pomwe sitata ikusintha, ndiye nyale za pamsika zinkaphethirabe. Zigayo zonse ziwiri zaikidwa VFD, makina owongolera liwiro la mota, yomwe imadzutsa mota pang'onopang'ono m'masekondi 20 osapitirira 32 A. VFD ili m'bokosi lotsekeka la IP55, lotchinga fumbi ndi madzi, kunja kwa chipinda chogayira, chifukwa fumbi la ufa limatseka mafani ake. Eni zigayo avomera kuyamba 8:30 ndi kutseka 4 koloko. Mota ndi VFD azitenga pa ngongole ya miyezi 18, ndipo zomwe akubweza pamwezi kuphatikiza mayunitsi n'zochepa kuposa zomwe ankawononga pa dizilo, oyilo ndi malamba.

Jenereta yakonzedwa kuti ikayaka izitchaja mabatire itasenza peresenti 70 mpaka 80. Injini ya dizilo ikamayenda pansi pa 30 peresenti simaliza kutentha mafuta, ndipo mwaye umadzaza m'kati.

20 Okutobala: kutentha, fumbi ndi udzu

M'kontena ya mabatire munafika madigiri 41 masana. Makina oyang'anira mabatire anayamba kuchepetsa kutchaja, ndipo kutentha kotere kumafupikitsa moyo ngakhale wa lithiamu. Pamwamba pa kontena pamangidwa denga lachiwiri la malata, lokwezedwa theka la mita kuti mphepo izidutsa, makoma apakidwa penti woyera, mkati mwaikidwa zotchinga kutentha ndi makina oziziritsa. Tsopano mukukhala madigiri 27. Makinawo amadya 18 kWh patsiku, mofanana ndi chipatala chonse, ndipo sanali m'chiwerengero cha Januwale. Aliyense wowerengera munda wotere awaike kuyambira pachiyambi.

Fumbi linayezedwa ndi mapanelo awiri osungira, oikidwa pambali, imodzi yopukutidwa m'mawa uliwonse, inayo yosiyidwa. Patatha milungu 5 yopanda mvula yosiyidwayo inatsika ndi 9 peresenti, zomwe pa munda wonse ndi kupitirira 50 kWh patsiku. Kutsuka kukuchitika milungu iwiri iliyonse, m'bandakucha galasi lisanatenthe, ndi malita 600 ndi burashi yofewa, popanda sopo. Madzi a pamjigo anasiya mawanga oyera a laimu omwe sachoka ndi burashi. Pakadali pano galasi likuumitsidwa ndi chopalira cha labala madzi asanaume okha, ndipo thanki ya malita 10,000 yaikidwa kuti izikolola madzi a mvula a padenga.

Udzu wouma pansi pa mapanelo ndi moto woyembekezera. Kunja kwa mpanda kwalambulidwa mamita 5 kuzungulira. M'kati muzilowa nkhosa za mabanja atatu eni malo, njira yomwe minda yambiri ya sola ikugwiritsa ntchito. Mbuzi ayi, zimakwera pa mapanelo ndi kutafuna mawaya. M'mphepete mwa m'munsi mwa mapanelo muli masentimita 90 kuchokera pansi, ndipo mawaya onse amangiriridwa ku zitsulo.

24 Novembala: mtengo wa mayunitsi ndi magetsi otsala masana

Nyumba 260 zalumikizidwa. Iliyonse ikugwiritsa ntchito 0.22 kWh patsiku, pansi pa 0.35 yomwe inawerengedwa, kutali kwambiri ndi mayankho a kafukufuku woyamba. Pofika 11:30 mabatire amakhala atadzaza, mainveta n'kudzichepetsa okha. Pafupifupi 35 peresenti ya magetsi omwe mapanelo akanatulutsa sakupangidwa n'komwe, chifukwa palibe wowalandira. Apa ndi pomwe phindu la mudzi likutayikira, ndipo n'zopweteka kuona zipangizo zolipiridwa kale zikupuma dzuwa lili paliwombo pomwe anthu akudandaula mtengo wa usiku.

Mamita akonzedwa kuti yunitsi ya pakati pa 9 koloko m'mawa ndi 4 koloko madzulo ikhale theka la mtengo wa usiku. Zotsatira zake zaoneka m'milungu itatu. Owotcherera asiya ntchito ya madzulo. Eni mafiriji akuzizitsa kwambiri masana n'kuzimitsa usiku, madzi oundana m'mabotolo akusunga kuzizira. Kusita kwasunthira masana, zomwe zatsitsa kukoka kwa madzulo kuchokera pa 52 kW kufika pa 44 kW. Pampu ya 4 kW ikuyenda masana okha kudzaza thanki yapamwamba ya malita 30,000, ndipo usiku madzi amatsika okha. Kusunga madzi n'kotchipa kwambiri kuposa kusunga magetsi oti adzapope madziwo.

Ndalama za mayunitsi zikugawidwa motere: 35 peresenti ku thumba losinthira mabatire ndi mainveta, 27 malipiro, 18 dizilo ndi zipangizo zosinthira, 10 makina a mamita, ziphaso ndi inshulansi, 5 lendi ya malo, 5 thumba la chitukuko cha mudzi. Thumba la mabatire lili mu akaunti yapayokha yofuna masiginecha awiri, ya kampani yoyendetsa ndi ya komiti ya mudzi. Pamsonkhano panali pempho lakuti thumba limeneli lichepetsedwe kuti yunitsi ya usiku itsike. Pempholi n'lomveka, koma lakanidwa. Mabatire adzafunika kusinthidwa m'zaka 10 mpaka 12, ndipo minda yambiri ya kumudzi imafera pamenepo, mapanelo ali bwinobwino. Njira yotsitsira mtengo wa usiku ndi kugulitsa 35 peresenti ikutayika masanayi, chifukwa imabwera popanda kugula china chilichonse.

Gawo lotsatira lakonzedwa potengera zimenezi. Pampu yachiwiri ya 5.5 kW ya ulimi wothirira ikuyembekezera chilolezo chotunga madzi ndi kuyeza kuti chitsime chingapereke malita angati pa ola osaphwa. Makina oyengera mafuta a 7.5 kW ndi chipinda chozizira cha zokolola zidzalowa pa ngongole yofanana ndi ya zigayo, zonse ndi VFD, zonse pa mzere wa msika. Nyumba 160 zotsala zikudikira mabolodi omwe achedwa padoko. Earth idzayezedwanso mvula ikakhazikika komanso kumapeto kwa chilimwe chikubwerachi, ndipo mzere wa kumunsi, wa pamakande, udzayezedwa ndi levulo mwezi uliwonse mpaka mvula itatha kuti tione ngati maziko akusuntha.